Otsogolera alendo akaniza zoononga pa phiri la Mulanje

MILANGE — Munthu ukaima pa msika wa pa vila ya Milange m'mawa kunja kutayera bwino, maso ako amagwa pa mapiri awiri. Kuno kwathu kuli Tumbine, lomwe lili pamwamba pa madenga athu enieniwa. Tsidya la mtsinje wa Muloza kuli Mulanje, chiphiri chimene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe phiri lina lolipitirira ku Malawi ngakhale muno m'Moçambique. Ambiri a ife timalidziwa phirili ngati mnansi. Pa nthawi ya nkhondo tinathawira kunsi kwake, ana athu ena anabadwira komweko, ndipo mpaka lero njinga zathu zimaoloka ndi chimanga ndi nandolo kupita ku misika ya m'mphepete mwake. Koma amene anakwerapo pamwamba ndi owerengeka.

Pali anthu amene nsima yawo imachokera pamwamba pomwepo. Awa ndi otsogolera alendo, amene anzathu a ku Malawi amawatchula kuti magaidi, ife m'Chipwitikizi timati guia, pamodzi ndi anzawo onyamula katundu. Ndi anyamata ndi abambo a m'midzi yozungulira phiri. Kale ntchito yawo inali kuonetsa njira basi. Koma chiyambire pamene mvula ndi mphepo zinasintha khalidwe, ntchitoyi yakula. Tsopano amayenera kuuza mlendo, munthu amene wabwera ndi ndalama zake, kuti apa musaponde, icho musagule, lero sitikwera. Nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno chifukwa madzi a phirili sadziwa malire. Ruo ndi Muloza, mitsinje imene imatilekanitsa ndi Malawi, imayambira pamwamba pa Mulanje.

Zipsera za Freddy

Napolo si wachilendo kuno. Akuluakulu akukumbuka Malichi 1991, pamene miyala ndi matope zinatsika m'mapiri a ku Phalombe ndi kupha anthu mazana. Ife a ku Milange sitinaiwale Januwale 1998, pamene Tumbine linagumuka chifukwa cha mvula yamphamvu, n'kukwirira nyumba, minda ndi anthu makumi ambiri. Chimene chasintha ndi chakuti zoopsazi zayamba kubwera motsatizana ngati ana obadwa mopanikizana. Idai anabwera mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, kenaka Freddy.

Namondwe wa Freddy anakhala masiku 36 asanathe, ndipo bungwe loona zanyengo pa dziko lonse linatsimikiza kuti palibe wina wodziwika amene anakhalitsa chotere. Anamenya dziko lathu kawiri, pa 24 Febuluwale 2023 kufupi ndi Vilankulo, ndi pa 11 Malichi kufupi ndi Quelimane. Atadutsa m'chigawo chathu cha Zambézia anakakhuthula mvula pa mapiri a kummwera kwa Malawi, kumene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso.

Akatswiri azanyengo amafotokoza kuti nyanja yamchere ikatentha imatulutsa nthunzi yambiri, ndipo mpweya wofunda umanyamula madzi ochuluka kuposa wozizira. Mitambo yolemera chotero ikafika pa phiri lalitali ngati Mulanje imakakamizika kukwera, ikazizidwa imakhuthula zonse malo amodzi. Pamene pali mitengo, mizu imagwira dothi ndipo madzi amalowa pansi pang'onopang'ono. Pamene padulidwa kapena papsa, dothi limakhuta madzi n'kutsetsereka ndi miyala yomwe.

Amene mwadutsa pa msewu wochokera ku Muloza kupita ku boma la Mulanje mwaziona zipsera zimene Freddy anasiya m'nthiti za phirili, mizere yotuwa yotsika kuchokera pamwamba. Kwa mlendo ndi zongojambula. Kwa womutsogolera tanthauzo lake n'lakuti njira ina imene anaidziwa kuyambira ubwana inakokoloka, pamadooko pena panasintha, ndipo pali miyala imene ikungodikira mvula ina. Mapu osindikizidwa kale sanena zimenezi. Amazidziwa ndi munthu amene amapondapo mwezi ndi mwezi.

Chilimwe nachonso chili ndi zake. Mvula ikadula msanga, monga zinachitikira pa chilala cha El Niño cha 2023 mpaka 2024, udzu wa pamwamba umauma gwaa, ndipo kamoto kakang'ono kamatha kunyambita chigwa chonse.

Phunziro limayambira kunsi

Alendo ambiri amayambira pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango, ena pa Fort Lister kumbali ya Phalombe. Otsogolera ndi onyamula katundu amalembetsa maina, ndipo amalandira alendo mosinthana kuti aliyense apezeko kangachepe. Pamwamba pali nyumba zogona pafupifupi 10, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sombani ndi Minunu, iliyonse ili ndi mlonda wake.

Wotsogolera wodziwa ntchito sadikira kuti mlendo alakwe kaye. Amanena zonse ulendo usanayambe, katundu akumangidwa. Nzeru yake ndi yodziwika kwa aliyense amene analerapo mwana: munthu ukamudzudzula atachita kale amachita manyazi, ndipo manyazi amabala makani. Ukamuuza asanachite, amaona ngati ndi mwambo wa malowo, ndipo mlendo safuna kuoneka wopanda mwambo.

Choyamba ndi njira. Pokwera malo otsetsereka njira imakhotakhota, ndipo mlendo wotopa, makamaka potsika, amafuna kudula. Phazi limodzi silioneka kanthu. Koma akadutsapo anthu makumi angapo udzu umafa, kanjira kamatseguka kolunjika kunsi, mvula ikabwera madzi amatsata momwemo, ndipo pakutha pa dzinja pali ngalande. Alimi a m'mapiri a Angónia ndi Tsangano simufuna kuuzidwa zimenezi, mumadziwa chimene chimachitika munthu akalima mizere yolunjika kunsi. Wotsogolera amayenda patsogolo, onyamula katundu pambuyo, mlendo pakati, ndipo mwa njira imeneyi mpata wodula sumapezeka.

Chachiwiri ndi madzi. Mitsinje ya pamwamba ndi yoyera mbee, anthu amamwa osawiritsa. Mlendo watopa, wachita thukuta, akufuna kusamba ndi sopo m'dziwe momwemo kapena kutsukiramo mbale. Apa otsogolera sachulutsa malamulo. Amangoloza kunsi, kumene kukuoneka madenga a malata akunyezimira ndi minda ya tiyi, n'kufotokoza kuti madzi omwewa mawa akhala m'ndowa ya mayi wina kumeneko. Madzi a Likhubula amafika mpaka m'mipopi ya mumzinda wa Blantyre. Munthu akaona mudzi ndi maso ake amatunga madzi m'chitini n'kukasambira patali ndi mtsinje. Chimodzimodzinso kudzithandiza: kutali ndi madzi, kukumba ndi kufotsera.

Za zinyalala lamulo n'lachidule, chimene wakwera nacho utsike nacho. Pamwamba palibe galimoto yotola zinyalala, ndipo pulasitiki ndi zitini siziola. Pano chida champhamvu ndi chitsanzo. Wotsogolera akawerama osanena kanthu n'kutola kapepala ka siwiti kamene mlendo wataya, n'kukaika m'thumba lake, kawirikawiri mlendoyo sabwerezanso. Ena pofika tsiku lachiwiri amakhala akutola okha zimene anataya ena.

Moto ndiye mdani wamkulu. Kusonkha moto ndi pa nyumba zogona pokha, pamene pali malo ake. Chotsalira cha ndudu chimazimitsidwa ndi kusungidwa. Usiku pamwamba kumazizira koopsa, mu Juni ndi Julayi madzi amatha kuundana, ndipo mlendo amalakalaka chimoto chachikulu chofika m'bandakucha. Koma nkhuni iliyonse imene ikuyaka inadulidwa penapake, ndipo wina anaisenza. Wotsogolera wabwino amamuuza mlendo adakali kunsi kuti atenge zofunda zokwanira, amaphika chakudya cha onse pa moto umodzi, ndipo chakudya chikapsa moto umachepetsedwa.

Mkungudza

Pali mtengo umodzi umene nkhani yonseyi yatsamirapo. Mkungudza wa ku Mulanje, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, umamera wokha pa phirili basi, pa dziko lonse lapansi. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Matabwa ake ndi onunkhira, chiswe sichiwadya ndipo saola msanga, n'chifukwa chake anthu akhala akuwafuna popanga madenga, zitseko, mabokosi ndi maboti a ku nyanja. Ubwino wake ndiwo unauphetsa. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma ocheka matabwa mozemba sanaleke, akumatsika ndi matabwa pamutu m'njira zomwe zija alendo amakwerera. Pa kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Tinene bwino kuti musaganize kuti makina osindikizira alakwitsa: isanu ndi iwiri.

Kuyambira nthawi imeneyo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango ndi midzi yozungulira, labzala mbande zoposa 500,000 zofesedwa m'manazale a m'midzi. Koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo mbande yake siipirira moto. Moto umodzi wa mlenje wofuna kuvumbulutsa nyama, kapena wa mlendo wosasamala, umatha kupsereza ntchito ya zaka zingapo madzulo amodzi.

Tsono kunsi kwa phiri, pamene alendo amatsikira, pamagulitsidwa ziboliboli, ndodo zoyendera ndi timabokosi tonunkhira. Mlendo akanunkhiza kabokosi ka mkungudza mtima wake umagwa pomwepo. Wogulitsa anganene kuti thabwalo ndi la mtengo wakufa kale, ndipo mlendo alibe njira yodziwira zoona. Munthu yekhayo amene angamuuze kuti kabokosiko ndi chiitano chakuti wina akwerenso ndi sowo ndi womutsogolera. Apa ndiye pali mayeso enieni, pakuti wosema uja si mlendo kwa iye. Mwina ndi mlamu wake, mwina anaphunzira naye sukulu, mwina amapemphera mpingo umodzi. Kukaniza mlendo kugula ndi kuchotsa ndiwo m'mbale ya mnansi. Otsogolera anzeru samaliza ndi kukaniza kokha. Amamulozera mlendo zina zimene angagule kuti ndalama itsalebe m'mudzi: zosema za mitengo ina, madengu, nthochi, nanazi, tiyi wa komweko. Ndipo ali pamwamba amamutengera pa chitsa cha mkungudza wakale, kenaka pa kambande kofika m'bondo, kuti aone yekha kusiyana kwake. Munthu amene waona zimenezi, pofika kunsi fungo lija silimukokanso chimodzimodzi.

Kunena ayi kwa amene akukulipira

Tisaiwale kuti wotsogolera amalipidwa potengera masiku amene wayenda, ndipo kaya alandira kena kapamwamba pomaliza zimadalira mtima wa mlendo. Akabweza ulendo chifukwa cha mitambo, wadzidulira yekha tsiku. Akakana kudutsa njira imene yagumuka, mlendo amatha kukwiya n'kukanena zoipa za iye kwa anzake, ndipo masiku ano zonena za mlendo zimafika kutali kudzera pa foni. M'miyezi ya mvula alendo amachepa, ndipo bambo amene wakhala milungu ingapo osapeza ntchito, ana akufuna makope, amayesedwa kwambiri kuvomera chilichonse.

Chimene chimawapatsa mphamvu ndi chakuti phirili lili ndi mbiri yake. Chifunga chozizira chimene ku Malawi amachitcha chiperoni chinatenga dzina ku phiri lathu la Chiperone, kuno ku Zambézia, kumene mphepo yake imadzera. Chikafika pamwamba pa Mulanje munthu suona ngakhale phazi la mnzako. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, wophunzira za chuma, anasiya womutsogolera n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Nyengo inatembenuka, ndipo mtembo wake unapezeka mu Ogasiti, patapita milungu yoposa iwiri akumufunafuna. Mnzake Fellipe Barbosa anakonza kanema wa nkhaniyi mu 2017, wotchedwa Gabriel e a Montanha. Mlendo amene wamva nkhani imeneyi amamvetsa kuti liwu la womutsogolera si la wantchito wamba. Ndipo amene wavomera kumvera pa za moyo wake savutanso kumvera pa za sopo ndi ndudu.

Palinso chida china chimene sichichokera m'buku la zankhalango. Dzina lakuti Sapitwa likunena lokha. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe a kunsi kwa phiri amalilemekeza ngati mudzi wa mizimu ya makolo, ndipo malo ngati Dziwe la Nkhalamba, pa mtsinje wa Likhubula, ali ndi mbiri zawo ndi zoletsa zawo. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo chifukwa chimene linapereka ndi chikhalidwe chimenechi. Otsogolera amafotokoza mbirizi madzulo pa moto. Mlendo sayenera kukhulupirira za mizimu kuti amve mfundo yake, yakuti walowa pakhomo pa eni ake ndipo pakhomo pa eni sutaya zinyalala kapena kukuwa mwachisawawa. Ine ndimaona kuti apa makolo anatitsogolera nzeru, ngakhale ena a ife tikangophunzira pang'ono timayamba kuziseka.

Pamene mphamvu yawo imathera

Tinene chilungamo. Si mlendo amene anamaliza mkungudza, ndipo si mlendo amene akuotcha makala m'nthiti za phiri. Zimenezi zikuchitika chifukwa cha njala, kuchepa kwa minda, ndi amalonda a matabwa amene sakwera n'komwe phiri koma amadikira kunsi ndi galimoto. Wotsogolera angathe kuona utsi n'kudziwitsa a zankhalango, angathe kunena pamene wamva sowo ikulira, koma alibe mphamvu yomanga munthu, ndipo madzulo amabwerera kukagona m'mudzi momwemo ndi amene wawanenera. Komanso ndege imene yabweretsa mlendo kuchokera ku Ulaya imatulutsa utsi womwe uja ukutenthetsa dziko, ndipo kutola mapepala a siwiti sikufafaniza zimenezo.

Koma phindu lilipo, ndipo likuoneka pa ndalama. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma chimene wasiya chimagula ufa m'nyumba ya wotsogolera, wonyamula katundu, mlonda wa nyumba yogona ndi mayi wogulitsa tomato pa Chitakale. Nyumba iliyonse imene ikudya chifukwa phiri lili ndi mitengo ndi nyumba imodzi imene ili ndi chifukwa chothamangira kukazimitsa moto. Mpikisano wothamanga wa onyamula katundu, umene umachitika chaka ndi chaka pa phirili, wasanduka tsiku lalikulu lokoka anthu ochokera kutali, ndipo unayambira pa ntchito yomweyi.

Nanga kuno kwathu?

Mapiri tili nawo. Namuli, ku Gurué, ndi lotalika mamita 2,419, ndipo wofuna kukwera amayamba wapempha chilolezo kwa mfumukazi ya kunsi kwake ndi kutsata mwambo. Komabe nkhalango zake zakhala zikutha chifukwa cha minda ya mbatatesi. Mabu, ku Lugela, linatchuka pamene katswiri wina, Julian Bayliss, amene ankagwira ntchito ku Mulanje, anaona nkhalango yake pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga mu 2005. Manyuzipepala a kunja analemba kuti nkhalango yatulukiridwa, pamene anthu a komweko anali atabisalamo pa nthawi ya nkhondo, ndipo amene anatsogolera akatswiriwo ndi alenje a m'midzi yomweyo. Ndiye kuti odziwa njira tili nawo kale. Chimene anzathu a tsidya lija anatiposa ndi kuwasonkhanitsa pamodzi, kuwalemba m'buku, kuwaphunzitsa chithandizo choyamba ndi kugwirizana mtengo umodzi, kuti mlendo asamasiye wokaniza n'kukatenga wovomera zonse pa mtengo wotsika.

Ndipo tisamaganize kuti mlendo ndi mzungu yekha wa chikwama kumsana. Achinyamata a mpingo amene amakwera phiri kukapemphera usiku wonse n'kusonkha moto, ana asukulu opita kukaona mathithi, a m'tauni obwera ndi mabotolo pa tsiku la tchuthi, onsewa ndi alendo pa phiri, ndipo nthawi zambiri alibe wowatsogolera. Atsogoleri a magulu amenewa, abusa, aphunzitsi ndi amfumu a midzi ya kunsi kwa Tumbine angathe kuyamba osadikira ndalama za bungwe lililonse: kusankha anthu awiri kapena atatu odziwa phiri m'mudzi uliwonse, kuti gulu lisakwere popanda mmodzi wa iwo, ndi kumupatsa mphamvu yobweza ulendo mitambo ikada.

Kwa amene mukufuna kukaona nokha mmene anzathuwa amagwirira ntchito, kuchokera pa chipata cha Muloza kukafika pa boma la Mulanje ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo kuchokera pa Chitakale mumapatukira ku Likhubula. Nthawi yabwino yokwera ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula isanayambe. Tengani zikalata zoolokera malire, juzi yokhuthala, ndi thumba lopanda kanthu lotsikira nalo zinyalala.